Core ya ma lamination mu simulation: datasheet ndiyo inandidyera nthawi

Ndakhala ndikuyeserera pa kompyuta (simulation) core ya mota, chitsulo chake chamkati chopangidwa ndi timapepala tachitsulo tosanjikiza (ma lamination). Zatheka tsopano, loss (mphamvu yotayika ngati kutentha) imene kompyuta ikupereka yayandikira imene tinayeza pa mota yeniyeni. Koma ndiyambe ndi datasheet, pepala la manambala a chitsulocho, chifukwa mtima sunaphwebe.

Chitsulo chinali M270-35A, timapepala tochindikala 0.35 mm. Dzinalo limangolonjeza kuti pa 1.5 T (tesla, muyeso wa maginito) ndi 50 Hz loss sipyola 2.7 W pa kilogalamu. Koma pulogalamu ya simulation imafuna B-H curve yonse, mzere woonetsa mmene maginito a m'chitsulo (B) amakwerera pamene mphamvu yowayambitsa (H) ikukwera. Ogulitsa chitsulo ananditumizira pepala lojambulidwa mopendekeka, tebulo lake lothera pa 1.8 T, chonsecho mano a stator (gawo la mota losazungulira) amapitirira pamenepo. Nditapempha manambala ena, anatumizanso pepala lomwelo! Tsiku linathera kulemba manambala pamanja, diso pa chithunzi chosaoneka bwino.

Ndipo muziyang'ana mutu wa tebulo. Nthawi zambiri amalemba J (gawo la B lochokera ku chitsulo chokha), osati B. Muziwerengera nokha kuti B = J + μ0H, μ0 pokhala nambala yosasintha ya maginito m'malo opanda kanthu. H ikakhala yaing'ono kusiyana kwake n'kosaoneka, koma chitsulo chikakhuta maginito kumaonekera. Kumapeto kwa curve wonjezerani manambala kuti izikwera mosalala mpaka kutsetsereka kwake kufike pa μ0. Nambala imodzi yokha ikabwerera m'mbuyo, solver (gawo la pulogalamu lowerengera) imangozungulira osafika pa yankho.

Za kujambula, musavutike ndi kapepala kalikonse pakokha, mesh yake (tizigawo timene pulogalamu imagawira chojambula) ingatsamwitse kompyuta. Jambulani chibuma chimodzi, muike stacking factor (gawo la chibumacho limene ndi chitsulo chenicheni), nthawi zambiri 0.95 mpaka 0.97, kenako muuze pulogalamu mbali imene timapepala tasanjikizidwira. Mu pulogalamu ya FEMM zili pa lam thickness ndi lam fill factor. Mu 3D, conductivity (mmene magetsi amayendera m'chitsulo) yodutsa timapepala ikhale ziro kapena pafupi ndi ziro, pamene motsata kapepala ili cha pa 2 MS/m. Mukaisiya yofanana mbali zonse, pulogalamu imayesa kuti n'chitsulo chogwirana, eddy current (magetsi ozungulira m'chitsulo) n'kusefukira. Cholinga chosanjikiza n'chomwecho: eddy loss imakwera ndi sikweya ya kuchindikala kwa kapepala, kotero ka 0.5 mm kamakhala ndi eddy loss pafupifupi kawiri poyerekeza ndi ka 0.35 mm.

Ndikukumbutseninso, mu 2D musachepetse kutalika kwa core kwinaku mutaika kale stacking factor. Kumeneko n'kuchotsera kawiri.

Tebulo la loss nalo linali ndi 50 Hz yokha. Kuti musiyanitse mitundu itatu ya loss, hysteresis, eddy ndi excess, monga mwa njira ya Bertotti, pamafunika ma frequency angapo, mwina mpaka 400 Hz. Pemphani zimenezi musanagule chitsulo, ndi B-H curve yomwe, m'fayilo ya manambala osati chithunzi. Mukalipira kale sayankhanso msanga.

Manambala a datasheet amayezedwa pa Epstein frame, chipangizo choyezera timizere tachitsulo, pamene core yodulidwa ndi makina imawonongeka m'mphepete, ndiye loss yeniyeni imakwerako. Ine ndinaika building factor, nambala yochulukitsira loss ya datasheet, nditayeza kaye. Ndibwerezenso: fufuzani mbali ya stacking musanadine solve.