Sabata ya 6 ku Attenborough, dzuwa layamba kuchedwa kulowa

Iyi ndi sabata ya 6 chiyambireni kumapita kumadzi madzulo kukaona mbalame, nde ndati ndilembeko pomwe ndafika. Kwa amene simunaone zoyamba zija, ndimakhala ku Beeston pafupi ndi mzinda wa Nottingham ku England, ndipo malo anga ndi Attenborough Nature Reserve mphepete mwa mtsinje wa Trent. Kale pamalopa ankakumbapo mchenga ndi miyala yomangira, maenjewo anadzadza madzi mpaka kusanduka tinyanja ting'onoting'ono, ndipo David Attenborough, wotchuka ndi mapulogalamu a pa TV a zachilengedwe, ndi amene anadzatsegulira malowa mu 1966. Dzinalo koma ndi la mudzi wa pomwepo.

Chomwe chandikoka kwambiri ndi kuwala. Mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, umatuluka ku shifiti kunja kuli bii, kufika kunyumba kudya kugona basi, mtima umalemera inu. Kumapeto kwa March anasuntha mawotchi ola limodzi, pano mu May muno likulowa cha m'ma hafu pasiti 8, ndiye ndikaweruka ndimangotenga jekete, binoculars ndi tiyi wa mu flask nkuyamba ulendo. Kwathu ku Nkhata Bay dzuwa likangobisala kuseri kwa mapiri posachedwa kwada. Kuno limazengereza, limakhala pansipansi nthawi yaitali kumawalira cham'mbali, mabango onse kufiira ngati uchi, madzi kuli zii, ngakhale bakha wamba ukamuona nthawi imeneyo mutu wake wobiriwira uja umachita kunyezimira.

Lachiwiri ndi limene sindidzaiwala. Pali mbalame ina ya m'madzi amati great crested grebe, khosi lalitali loyera, kumutu ili ndi nthenga zofiirira zotukuka ngati yavala chisoti. Mu April ndinaziona ziwiri zikuvinirana, kuyang'anizana, kupukusa mitu uku ndi uku, kenako zonse kumira nkutuluka ndi udzu wa pansi pa madzi kukamwa, nkuimirira pamadzi chifuwa kwa chifuwa miyendo ikupalasa. Sabata ino ndakhala phee pa benchi pafupifupi mphindi 40, imodzi yabwera pafupi kwambiri, ndikuona nsana wake ngati watupa. Kuyang'anitsitsa, timitu tiwiri tatulukira m'mapiko! Anapiye, mizeremizere yakuda ndi yoyera ngati mbidzi, aberekedwa kumbuyo monga mayi amachitira ndi chitenje. Inzake yatulukira ndi kansomba kakang'ono kwambiri, kuwapatsa ali pansana pomwepo. Kamera sindinaikhudze, ndinaopa kuti ndikangosuntha dzanja zithawa.

Za kamera zikuyendako. Ndasiya kujambula moyang'anizana ndi dzuwa, pano ndimaima dzuwa lili kumbuyo kwanga ndipo mitundu ikutuluka bwino, shutter (liwiro lomwe kamera imajambulira) ndaikweza pa 1/1000 ya sekondi pa mbalame zouluka. Kukayamba kuda zithunzi zimabwera ndi timadontho, pamenepo ndikuphunzirabe.

Anamzeze afika, ndipo zimandikhudza ndikaganiza kuti a kuno nyengo yozizira amakathera ku South Africa, ulendo wonsewo kambalame kosadzadza nkomwe m'dzanja. Kakowa woyera ndamuonanso kawiri akuyenda m'madzi osaya, kugwedeza phazi m'matope kuti tinsomba tidzidzimuke. Ameneyu anayamba kuswana ku Britain mu 1996 chabe, anzanga achikulire amene ndimakumana nawo pamenepo amamuonabe ngati mlendo, pomwe ine ndinakula ndikumuona tsiku ndi tsiku kudambo.

Dzuwa likangolowa musafulumire kunyamuka. Pamwamba pa madzi pamadzadza tizilombo touluka, gulu lake kundikumbutsa nkhungu za pa nyanja yathu ngakhale izi nzochepa kwambiri, kenako mileme imatulukira, kumauluka pamwamba penipeni pa madzi kumatola chakudya. Ndinaima pamenepo mpaka zala kuuma ndi kuzizira, May kapena ayi usiku kuno kumazizirabe, magolovesi musasiye.

Mndandanda wanga wa mbalame zomwe ndaona wafika pa mitundu 31. Kingfisher, kambalame kogwira nsomba, ndangomva kulira kwake kamodzi ndi kuona kabuluu kakudutsa ngati mphezi pansi pa nthambi, sindimuwerengera mpaka nditamuona atatera. Lachisanu ndili off, ndikakhala pafupi ndi nthambi yomweyo kuyambira 6 koloko.