Lachinayi: agogo andiphunzitsa za Maggie Smith

Lero ndinali pa shifiti ya masana kwa agogo amene ndimawasamalira kuno ku Oxford. Atamwa mankhwala, anati ndiwayatsire TV. Tinapeza akubwereza Downton Abbey, mayi Maggie Smith atakhala tsonga pampando, ndodo ili m'manja, akuyang'ana mnzawo ndi diso lam'mbali lija. Ine n'kuti, "Awatu ndi a McGonagall a mu Harry Potter, ana anga amawakonda zedi." Agogo anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Mwanawe, iwe wawadziwa atakalamba kale. Ine ndinawaona pasiteji mu 1964, akadali mtsikana."

Basi nkhani inayambira pomwepo, tiyi mpaka kuzizira m'kapu. Nthawi imeneyo National Theatre inali itangoyamba kumene, ikuchitira masewero ake kunyumba ya zisudzo ya Old Vic mumzinda wa London, ndipo mtsogoleri wake, katswiri wa zisudzo Laurence Olivier, anawatenga mayiwa kuti akhale Desdemona, mkazi wa Othello, m'sewero la Shakespeare lotchedwa Othello. Chimene agogo amakumbukira kwambiri ndi mawu awo: sankakuwa, koma ngakhale wokhala kumpando wakumbuyo kwenikweni ankamva liwu lililonse. Anandiuzanso kuti Olivier, yemwe ankasewera Othello, anadzipaka zakuda thupi lonse kuti aoneke ngati munthu wakuda. Apa ndinangoti chete, n'kumapukuta tebulo lomwe linali loyera kale. Agogo anazindikira, nati, "Eya, lero zimenezo sizingachitike."

Poweruka ndinadzera dala mumsewu wa Beaumont Street kuti ndione nyumba ya zisudzo ya Oxford Playhouse. Ndakhala ndikudutsapo osalabadira, koma ndi pomwe mayiwa anayambira mu 1952 ali ndi zaka 17, akusewera Viola mu Twelfth Night. Anabadwira ku Ilford mu 1934, banja lawo n'kusamukira kuno iwo ali aang'ono.

Chimene chandikhala m'mutu usiku uno ndi ichi: pomwe ambirife tinayamba kuwadziwa, mu 2001, iwo anali ndi zaka 66 ndipo ntchito yaikulu anali ataigwira kale. Mphoto ya Oscar anali atalandira kawiri, mu 1970 chifukwa cha filimu ya The Prime of Miss Jean Brodie, kenako mu 1979. Pakati pa 1976 ndi 1980 ankasewera ku Stratford ya ku Canada, dzina lawo lili kale pamwamba, koma n'kumabwererabe ku masewero a Shakespeare usiku ndi usiku. Mu 1990 analandira mphoto ya zisudzo ya Tony ku New York, chaka chomwecho n'kupatsidwa ulemu wachifumu wa ku Britain wa Dame.

Kutchuka kwa kuukalambako sikunkawasangalatsa kwenikweni. Ankanena poyera kuti Downton Abbey inawalanda ufulu woyenda mumsewu popanda kuimitsidwa, ndiponso kuti iwo eni sanaionerepo. Ine zimenezi zimandiseketsa, koma ndimawamvetsa. Munthu wakhetsa thukuta pasiteji zaka makumi asanu, anthu n'kudzamutamanda chifukwa cha chipewa ndi timawu tobaya.

Kulimba mtima kwawo n'kumene kwandigwira, mwina chifukwa cha ntchito yangayi. Atawapeza ndi khansa ya m'mawere mu 2007, anapitirizabe kujambula Harry Potter uku akulandira mankhwala amphamvu aja, tsitsi litathothoka, atavala wigi. Ndaonapo mmene mankhwala amenewo amafooketsera munthu, kungodzuka pabedi kokha imakhala nkhondo. Ndipo mu 2019, ali ndi zaka 84, anabwerera pasiteji ku Bridge Theatre ali okhaokha, kupitirira ola lathunthu akulankhula zoloweza pamtima, m'sewero lonena za mayi amene anali mlembi wa Goebbels, nduna yofalitsa nkhani m'boma la Hitler. Anamwalira pa 27 September 2024 ali ndi zaka 89, n'kusiya ana awiri aamuna, Chris Larkin ndi Toby Stephens, onse ochita zisudzo.

Ana kunyumba ndawauza kuti Loweruka tionera Jean Brodie. Wamkulu wafunsa ngati mulinso zamatsenga. Nditati mulibe, wati ndiye aganizira kaye.