Kufunsira malo a unamwino uli ku Joni: pomwe ambiri amakodwa, ndi zochita yankho likafika

M'mabanja ambiri a Amalawi kuno ku Johannesburg muli mwana kapena mlongo amene mtima wake uli pa unamwino. Anthu amaganiza kuti nkhondo yonse ili pa kukhoza bwino mayeso. Kukhoza n'kofunikadi, koma kwa ife ochokera kunja chimene chimagwetsa munthu msanga ndi mapepala: mtundu wa satifiketi imene uli nayo, chilolezo chimene ukukhalira m'dziko muno, ndiponso ngati sukulu imene wafunsirayo imalandira anthu osakhala nzika. Munthu akhoza kukonzekera chaka chathunthu n'kukagogoda pa khomo limene silikanatseguka ngakhale akanakhoza chotani.

Tiyambire pa maphunzirowo. Unamwino m'dziko muno umayang'aniridwa ndi South African Nursing Council, imene onse amangoti SANC, potsatira lamulo la Nursing Act la 2005. Panopa njira zolowera zilipo zitatu. Pali Bachelor of Nursing ya zaka 4, imene imatulutsa namwino amenenso ndi mzamba. Pali Diploma in Nursing ya zaka 3, yotulutsa namwino wa ntchito zonse za m'wodi koma wopanda uzamba. Ndiye pali Higher Certificate in Nursing ya chaka chimodzi, yotulutsa namwino wothandizira. Pa zilengezo muziona manambala awa: R174 ndi digiri, R171 ndi dipuloma, R169 ndi satifiketi ija. Maphunziro akale a zaka 4 otchedwa R425, amene azakhali ambiri ogwira ntchito m'zipatala anaphunzira, anasiya kulemba ophunzira atsopano. Choncho malangizo a munthu amene analowa zaka 15 zapitazo muziwamvera mwaulemu, koma muziwatsimikizira kaye.

Musanalipire ndalama iliyonse, tsegulani webusayiti ya SANC muone mndandanda wa sukulu zovomerezeka. Musangoona dzina la sukulu n'kukhutira. Onani kuti maphunziro enieni amene mukufunawo ndi ovomerezeka, komanso pa kampasi imene mudzaphunzirepo, chifukwa chilolezo chimaperekedwa pa maphunziro ndi malo ake. Koleji yomwe si ya boma iyeneranso kukhala yolembetsedwa ku Department of Higher Education and Training, ndipo maphunziro ake akhale ovomerezedwa ndi Council on Higher Education. M'tauni muli timakoleji tambiri ta m'nyumba zosanja tophunzitsa kusamalira odwala pakhomo kapena okalamba, ophunzira ake n'kumavala yunifolomu yoyera ngati anamwino. Ena mwa maphunzirowo ali ndi ntchito yake, koma si unamwino, ndipo SANC sidzakulembani m'kaundula chifukwa cha pepala limenelo. Funso limodzi lokha limaulula zonse: kodi mukandilandira mudzandilembetsa ku SANC ngati namwino wophunzira? Sukulu yeniyeni imachita zimenezi kumayambiriro kwa maphunziro, ndipo siyankha mozungulira.

Makomo a pafupi ndi awa. Wits imaphunzitsa digiri ku Parktown, pafupi ndi chipatala cha Charlotte Maxeke. University of Johannesburg (UJ) ili ndi digiri yake ku kampasi ya Doornfontein. Cha ku Pretoria kuli University of Pretoria, Tshwane University of Technology ndi Sefako Makgatho ku Ga-Rankuwa. Boma la chigawo lili ndi Gauteng College of Nursing, yokhala ndi makampasi monga Ann Latsky ndi Chris Hani Baragwanath ya ku Soweto. Imeneyi ndi imene anthu amaikonda chifukwa boma limathandiza ophunzira ake, koma zilengezo zake zimafuna nzika za South Africa. Mwana wobadwira kuno koma woyendera pasipoti ya Malawi asataye nthawi pamenepo asanawerenge chilengezo cha chaka chimenecho mzere ndi mzere. Palinso makoleji a makampani a zipatala, monga a Netcare, Life Healthcare ndi Mediclinic. Malo ake ndi ochepa, mtengo wake ndi wokwera, ndipo aliyense ali ndi malamulo ake pa anthu akunja.

Kwa mwana amene akulemba matric konkuno, mpikisano umayamba kale kwambiri, mu Grade 10, posankha maphunziro. Amene anatenga Mathematical Literacy m'malo mwa Mathematics amadzitsekera makomo ena osadziwa. Pali sukulu zimene zimailandira koma zimafuna gawo lapamwamba, pali zina zosailandira n'komwe. Life Sciences ndi yofunika pafupifupi paliponse, ndipo Physical Sciences imawonjezera mwayi. Magawo a matric amayenda chonchi: gawo 4 ndi 50 mpaka 59 peresenti, gawo 5 ndi 60 mpaka 69, gawo 6 ndi 70 mpaka 79, gawo 7 ndi 80 kupita m'mwamba. Sukulu iliyonse imawerenga mapointi ake a APS, otuluka powonkhetsa magawowa, mwanjira yake, ndipo zina, monga UJ, siziwerengera Life Orientation. Apa m'pamene makolo amasokonezeka: mwana amawonkhetsa maphunziro onse 7, n'kupeza nambala yosangalatsa, pomwe sukulu ikuwerenga 6 okha.

Chinanso chimene anthu sachimvetsa ndi tanthauzo la zofunika zochepetsetsa zolembedwa m'kabuku ka yunivesite. Kukwanitsa zimenezo kumangokulowetsani pamzere. Ofunsira amachuluka kwambiri kuposa malo, ndipo malowo sangawonjezedwe mwachisawawa chifukwa SANC imaika chiwerengero cha ophunzira malinga ndi aphunzitsi ndi mawodi ophunziriramo amene alipo. Ndiye wokhala ndi gawo 4 pa zonse akhoza kukhala woyenerera koma osasankhidwa. Komanso kusankha koyamba kumachitika ndi zotsatira za kumapeto kwa Grade 11, matric isanalembedwe n'komwe. Mwana amene anasewera mu Grade 11 poganiza kuti adzalimbikira chaka chomaliza amakhala atachedwa kale.

Ku Wits maphunziro a zaumoyo amatseka msanga, pa 30 Juni, pomwe ena ambiri amatseka mochedwerapo. Amafunanso mayeso a National Benchmark Tests (NBT). Mayesowa ali pawiri: AQL, yoyesa kumva chilankhulo cha maphunziro ndi kugwiritsa ntchito manambala, ndi MAT ya masamu. Iliyonse imatenga maola 3, ndi ya mafunso osankha yankho, ndipo kakyuleta saloledwa. Ana ozolowera kudina kakyuleta ngakhale pa 12 kuchulukitsa ndi 15 amathera nthawi pa zinthu zazing'ono. Lembetsani tsiku msanga, konzekerani ngati mayeso enieni, ndipo musadalire zodzalembanso kachiwiri musanaone ngati sukuluyo imawerengera zotsatira zachiwiri.

Tsopano kwa amene anabwera ndi MSCE. Kumudzi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi amakulowetsani pa mpikisano wa yunivesite, koma kuno MSCE imaonedwa ngati ya mlingo wa O-Level, ndipo payokha kawirikawiri sikwanira kulowera digiri. Wofuna digiri ayenera kupeza satifiketi ya exemption, yotsimikizira kuti mapepala ake akukwanira kulowera digiri, kuchokera ku Matriculation Board ya Universities South Africa, ndipo iwo amafuna maphunziro a AS kapena A-Level pamwamba pa a O-Level. Pali khomo la anthu a zaka 23 kupita m'mwamba, koma nalonso lili ndi zofunika zake, ndipo kukhala nayo exemption sikukakamiza sukulu ya unamwino kukutengani. Makoleji a dipuloma ndi satifiketi nthawi zambiri amafuna kuti SAQA, bungwe la boma loona za milingo ya mapepala a maphunziro, iunike pepala lanu n'kunena mlingo wake. Kuunikaku sikutha tsiku limodzi, chifukwa amatsimikizira kwa amene anapereka satifiketiyo, amene kwa ife ndi MANEB. Yambani zimenezi chaka chofunsira malo chisanafike. Munthu akapita ku SAQA mu Meyi akufuna kufunsira pofika Juni, chaka chimenecho wachiphonya.

Ndiye pali nkhani ya chilolezo, imene ambiri amaizemba kuikamba. Munthu wakunja amalembetsa pa yunivesite ali ndi study visa yolembedwa dzina la sukuluyo, pokhapokha ngati ali ndi chilolezo chokhalitsa kapena mapepala a othawa kwawo. Masiku 30 amene timadindiridwa pa Beitbridge ndi a mlendo, ndipo lamulo silikulolani kuwasandutsa study visa muli mkati muno. Muyenera kukafunsira kumudzi muli ndi kalata ya sukulu. Amafunanso medical aid yolembetsedwa ku South Africa, osati inshuwalansi ya kwina, kalata ya polisi, ndi umboni wa ndalama. NSFAS, thumba la boma lothandiza ophunzira pa fizi, sithandiza anthu akunja opanda chilolezo chokhalitsa. Chotipepukitsa n'chakuti monga anthu a m'chigawo cha SADC, m'mayunivesite aboma timalipira fizi yofanana ndi eni dziko, kungowonjezerapo ndalama ya ophunzira akunja, koma mbali yaikulu amaifuna musanalembetse. Onjezerani yunifolomu, mabuku, katemera wa Hepatitis B, ndi ndalama ya matekisi opita ku chipatala m'mamawa, poti shifiti imayamba 7 koloko. Funsaninso pasadakhale za ntchito mukamaliza: namwino wakunja amadutsa ku ofesi ya Foreign Workforce Management ya unduna wa zaumoyo asanaloledwe kugwira ntchito, ndipo kuphunzira kuno sikutanthauza kuti ntchito mwaipeza.

Tizinthu ting'onoting'ono timene timaononga fomu yabwino n'todziwika. Dzina pa pasipoti lalembedwa mosiyana ndi la pa satifiketi, chilembo chimodzi chokha, ndipo palibe afidaviti yofotokoza. Makope anadindidwa ku polisi miyezi yambiri yapitayo, pomwe ambiri amafuna chidindo cha miyezi 3 yapitayi. Chithunzi cha lipoti chojambulidwa ndi foni usiku, m'mphepete modukamo. Imelo inatsegulidwa ndi mnyamata wa pa intaneti kafe ndipo pasiwedi anaiwala kukupatsani. Nambala ya foni ndi ya amalume amene anasintha simu. Zomaliza ziwirizi n'zopweteka kwambiri, chifukwa sukulu ikakupatsani malo imapereka masiku ochepa oti muvomere, mukakhala chete malowo amapita kwa wotsatira pamzere.

Yankho likabwera, liwerengeni modekha, chifukwa si onse amene amatanthauza inde kapena ayi. Provisional offer ndi malo ongogwirizira. Amatsimikizika mu Januwale zotsatira za matric zikatuluka, ndipo akhoza kuchotsedwa ngati magiredi atsika. Musaphe mbuzi kapena kulengeza ku tchalitchi pa kalata imeneyi. Kukhala pa waiting list si kukanidwa: ana ena amakhala ndi malo m'sukulu ziwiri kapena zitatu, ndipo akasankha imodzi mzere umasuntha, makamaka masabata a kulembetsa. Nthawi imeneyo foni ikhale yoyaka, imelo muziitsegula m'mawa ndi madzulo, kuphatikizapo foda ya spam. Uthenga wonena kuti mapepala sanakwane si chigamulo, ndi belu. Tumizani tsiku lomwelo.

Kukanidwa kwenikweni kumawawa, makamaka pa Joni pamene banja lonse, mpaka agogo kumudzi, linali likudziwa kuti mwana akukakhala namwino. Kwa makolo ndi ankolo: masiku oyambirirawo si nthawi yowerengera ndalama zimene munaononga, kapena yomuyerekeza ndi mwana wa aneba. Mwanayo akudziwerengera kale yekha usiku. Muloleni alire, adye, agone. Mukaona kuti papita masabata akudzitsekera m'chipinda, sakudya, kapena akulankhula zoti moyo ulibe phindu, pitani naye ku kiliniki. Zimenezo si ulesi kapena mwano.

Mtima ukakhazikika, funsani sukulu chifukwa chake, mwaulemu, polemba imelo yokhala ndi nambala yanu ya wofunsira. Zifukwa zimasiyana, ndipo mankhwala ake amasiyananso. Ngati ndi phunziro limodzi lotsika, pali mwayi wolembanso matric mu Meyi ndi Juni, ndipo unduna wa maphunziro uli ndi Second Chance Matric Programme yothandiza olembanso. Lembaninso maphunziro awiri kapena atatu amene akukokerani pansi, osati onse. Ngati ndi NBT, mukudziwa pogwira. Ngati ndi unzika kapena exemption, kulembanso fomu yomweyo chaka chamawa n'kutaya ndalama. Muyenera kusintha khomo. Ena amalangiza kuyamba digiri ina iliyonse kuti mudzasamukire ku unamwino chaka chachiwiri. Njirayi ilipo, koma malo a osamuka ndi ochepa kuposanso a oyamba kumene, choncho ilowereni pokhapokha ngati digiri inayo mungaimalize mosadandaula.

Kwa wokhala ndi MSCE yabwino, njira yakumudzi nthawi zambiri ndi yachidule kuposa ya kuno, ngakhale ena amaiona ngati kubwerera m'mbuyo. Kuli Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, kuli Mzuzu University, Malawi College of Health Sciences, ndi makoleji a mishoni a pansi pa CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni, St John's ku Mzuzu, St Luke's ku Malosa, Holy Family ku Phalombe, Mulanje Mission ndi Malamulo. Kumeneko pepala lanu limawerengedwa monga lilili, popanda SAQA kapena visa. Nakonso mpikisano ulipo, ndipo makirediti a Biology, Masamu ndi sayansi zina ndi amene amayang'anidwa kwambiri. Mukamaliza mumalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo ngati mudzafune kugwira ntchito kuno mudzadutsa njira ya anamwino ophunzira kunja.

Mwezi woopsa ndi Januwale. Zotsatira zatuluka, anzanu akugula masutikesi, ndipo pa WhatsApp ndi Facebook pakuyenda mauthenga a anthu onena kuti ali ndi munthu mkati amene angakupezereni malo mukatumiza kangachepe. Sukulu zovomerezeka sizigulitsa malo, ndipo fizi imalipidwa ku akaunti ya sukulu ndi nambala yanu ya wophunzira, osati ku akaunti ya munthu kapena kudzera pa eWallet. Aliyense wokuuzani kuti malo atsala awiri ndipo mulipire lero dzuwa lisanalowe, muuzeni kuti mubwera mawa mutaona mndandanda wa SANC.