Bambo athu apezeka, tabwera kudzathokoza

Abale, anansi, a mpingo ndi nonse amene mwakhala mukutiimbira usana ndi usiku: bambo athu apezeka ali moyo, ndipo pano ali kunyumba kuno ku Bangwe. Mapazi atupa, chifuwa chikuwavutitsa chifukwa cha kuzizira, koma akudya, ndipo dzulo amalimbirana wailesi ndi adzukulu. Ndikulemba m'malo mwa amayi ndi banja lonse. Uthengawu ndi wautali, mutikhululukire. Anthu oti tiwathokoze ndi ambiri, komanso ambiri mwakhala mukufunsa kuti zinayenda bwanji.

Kwa amene simukuwadziwa, bambo apitirira zaka 80. Anagwira ntchito ku Malawi Railways ku Limbe kuyambira ali mnyamata, ndipo anapuma kampani ya Central East African Railways (CEAR) isanatenge njanji mu 1999. Zaka zapitazi akhala akudwala matenda oiwalaiwala, aja achipatala amati dementia, komanso ali ndi shuga. Anatuluka pakhomo masana, amayi ali kuseri kuanula zovala chifukwa chiperoni chinali chitayamba kuwaza.

Zikomo woyamba apite kwa amayi apolisi amene anatilandira usiku womwewo. Ena anatilangiza, mwachifundo ndithu, kuti tidikire kaye kuche mwina abwera okha. Ena amati apolisi salemba nkhani ya munthu wosowa tsiku lisanathe. Alamu anga anakana zodikirazo, tinapita, ndipo palibe amene anatibweza. Amayiwa anatikhazika pa benchi, natsegula buku, nkuyamba kufunsa.

Anawaona komaliza ndani, nthawi yanji, pamalo pati, akulowera kuti? Anavala chiyani, kuyambira chipewa mpaka nsapato? M'thumba muli ndalama, foni kapena chiphaso cha unzika? Mankhwala amwa nthawi yanji, ndipo adya chiyani chimwereni? Amayenda ndi ndodo? Anasowapo kale, nanga anapezeka kuti? Kenako anafika pa mafunso owawa: kodi pakhomo panali mkangano, nkhani ya malo, ngongole, kapena munthu amene anawaopsezapo? Nkhope ya amayi inasintha. Apolisiwo anaika cholembera pansi nati, "Agogo, sikuti ndikukuganizirani choipa. Ndikufuna ndidziwe ngati tikufuna munthu wosochera, wothawa, kapena wotengedwa ndi anthu. Atatuwa safunidwa mofanana."

Atamaliza anatiuza mosabisa kuti nkhani ya bambo aiika patsogolo, ndipo anafotokoza chifukwa chake. Mnyamata amene wachoka ndi chikwama ndi foni atayambana ndi makolo, nayenso amamufuna, koma amadziwa kuti angathe kudzigulira chakudya ndi kupeza pogona. Bambo zinthu zinawaipira zingapo nthawi imodzi. Munthu akamwa mankhwala a shuga nkukhala osadya, shuga amatsika, amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kudzandira ndi kulankhula zosamveka, ndipo odutsa amangoti ndi chidakwa nkupitirira. Kuzizira kwa June kuno kumtunda, zovala zitanyowa, nkhalamba kungaimalize usiku umodzi. Ndiye wodwala matenda oiwala kawirikawiri sapempha thandizo, nthawi zina sayankha ngakhale mumuitane dzina, chifukwa m'maganizo mwake sanasochere. Ali pa ulendo wake, ndipo akudziwa kumene akupita.

Chinthu chomaliza anachitchula motsitsa mawu, koma tonse tinali titachiganizira kale panjira. Nkhalamba yachilendo, yopanda nsapato, yolankhula zosalumikizika, ikapezeka m'mudzi mbandakucha, anthu ena sayamba ndi kufunsa dzina. Tikukumbukira agogo anayi aja anaphedwa ku Neno mu January 2016, powanamizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Tikukumbukiranso 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinachokera ku Mulanje nkufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka mu Blantyre muno, anthu osalakwa nkuphedwa chifukwa chongokhala alendo pamalo. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma gulu la anthu likatenga miyala siliyamba lawerenga lamulo.

Nchifukwa chake apolisi aja anatiumiriza kuti pa uthenga wofalitsa tilembe poyera kuti bambo amadwala matenda oiwala. Apa m'banja tinasiyana maganizo. Amalume ankaona ngati tikuwavula bambo pagulu, munthu amene anali mkulu wa mpingo zaka zambiri, ndipo ndikuwamvetsa. Koma amayi ndi amene anagamula. Anati ulemu tidzaubweza akabwera, lembani. Ine ndikukhulupirira kuti mzere umenewo ndi umene unawapulumutsa. Chithunzi nachonso tinasintha. Tinali titatenga chija cha pa ukwati wa mchemwali wanga, atavala suti, atameta bwino, koma apolisi anafuna chaposachedwa, cha mmene amaonekera tsiku wamba, imvi ndi ndevu zili momwemo. Ndipo anatiuza kuti chizindikiro chimodzi tisachilembe. Bambo chala chimodzi cha dzanja lamanzere chinaduka nsonga ali pa ntchito. Chimenecho chinakhala chinsinsi cha banja ndi apolisi, choyesera aliyense wonena kuti wawaona.

Zikomo kwa anyamata achitetezo cha m'mudzi ndi amfumu a dera lathu. Usiku womwewo, mvula ikuwaza, munayambira pakhomo pathu penipeni monga anakuuzirani apolisi: m'chimbudzi, m'bafa, kuseri kwa khola, m'zitsime za anansi, m'nyumba zosatha kumanga, m'makhwawa. Ena ankadabwa kuti mukufuniranji pafupi munthu woti wapita kutali, koma okalamba ambiri otere amapezeka pafupi ndi kwawo, atagwera penapake kapena atabisala mvula. Simunawapeze, koma kutacha tinadziwa kuti m'zitsime mulibe, ndipo amayi anayamba kumwako madzi.

Zikomo kwa akabaza, oitanira minibasi ndi mavenda a mu Limbe amene munasunga chithunzi m'mafoni mwanu. Zikomo kwa abusa ndi akulu a mpingo, kwa amayi a Mvano amene munaphikira ofunafuna osatopa, ndi kwa abale athu a kumzikiti amene munalengeza pa mapemphero anu ngakhale bambo si a chipembedzo chanu. Zikomo kwa a wailesi amene munaulutsa uthenga. Amalume, inu munasenza ntchito imene tonse tinaiopa, yoyenda m'mawodi ku Queens ndi kulowa ku mochale kukaona matupi osadziwika eni ake. Munkabwerako osalankhula zambiri, nkungoti "kulibe". Mulungu akudalitseni.

Msuweni wanga wamng'ono ndimuthokoze payekha. Pa uthenga tinaikapo nambala imodzi yokha, ndipo foniyo anaisunga ndi iye, pamodzi ndi kope la sukulu. Aliyense woimba ankamufunsa zofanana: muli kuti, munawaona nthawi yanji, anavala chiyani, mwawaona ndi maso anu kapena mwamva kwa wina? Mafoni anabwera ochokera ku Ndirande, ku Chirimba, ku Lunzu, wina mpaka ku Zomba. Ambiri anali anthu abwino amene anaona nkhalamba ina. Tikanati tizithamangira foni iliyonse, mafuta akanatha tsiku loyamba, ifenso titabalalika. Kopelo linkapita ku polisi m'mawa ndi madzulo.

Analiponso a mtima wina. Bambo wina anaimba kuti ali nawo ku Zalewa, titumize ya thiransipoti pa foni kuti abwere nawo. Msuweni wanga anangomupempha kuti ayang'ane manja a agogowo anene chimene akuona. Foni inaduka ndipo sinapezekenso. Kwa inu amene munalemba pa Facebook kuti ana ake amukhwimira kuti alemere, tinawerenga, amayinso anamva. Sitikuyankhani.

M'kope monse muja, mauthenga awiri okha ndi amene ankagwirizana pa zovala ndi nthawi. Mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Limbe anaona agogo a jekete yabulauni akufunsa ngati gulu lawo lanyamuka kale. Mlonda wina chakumwera kwa tauni anaona munthu wotero akuyenda m'mbali mwa njanji kukuda. Amayi apolisi aja ataona zimenezi anasiya kufunsa za masiku ano, nayamba kufunsa za kale: ntchito yawo yeniyeni inali yotani, ankayenda njira iti, nyumba yoyamba anakhala kuti? Anati odwala otere zaposachedwa zimafufutika, koma za unyamata zimakhalabe, ndipo ambiri amanyamuka kupita ku ntchito imene anaisiya kalekale kapena kumudzi kumene anabadwira. Ife anafe tinkangodziwa kuti ankagwira ku njanji. Amayi athu anatitumiza kwa mnzawo wa bambo amene anagwira naye limodzi, nayenso wokalamba, maso akuvuta. Agogo amenewo, zikomo. Munatiuza kuti asanakwezedwe, bambo anali m'gulu loyendera njanji wapansi, kuona mabawuti ndi mathabwa, kuchokera ku Limbe kutsikira cha ku Luchenza. Madzulo omwewo uthenga unapita kwa apolisi a ku Thyolo, ndipo iwo anaupereka kwa achitetezo cha m'midzi ndi mafumu a m'mphepete mwa njanjiyo.

Tsopano kwa inu amayi amene munawapeza. Munatipempha kuti tisatchule dzina lanu kapena mudzi wanu, ndipo tikulemekeza zimenezo. Munkapita kotunga madzi mbandakucha pamene munaona agogo atakhala m'mbali mwa njanji, opanda nsapato, jekete ili chonyowa, akulankhula okha. Musanatule ndowa, anyamata anali atayamba kusonkhana, wina akukuwa kuti mfiti yagwa pa lichero. Munavula chitenje nkuwafunditsa, nkukhala pansi pambali pawo, nkuuza anyamatawo kuti woponya mwala ayambe wagenda inu. Munatuma mwana kwa amfumu, wina kukatenga tiyi wothira shuga wambiri. Za matenda awo a shuga simunkadziwa, munangoona munthu wanjala akunjenjemera, koma achipatala anatiuza kuti tiyi ameneyo anathandiza kwambiri. Titakufunsani kuti simunaope bwanji, munati, "Mwana wanga, inenso bambo anga anakalamba chomwechi." Amayi akufuna kudzakuonani okha akapezako mphamvu, ndipo sabwera chimanjamanja.

Zikomo amfumu a mudziwo. Uthenga munaulandira usiku, ndipo simunausunge m'foni. Mutafika pamalopo munawerengera anthu mokweza kuti agogowa akufunidwa ndi ana awo ku Bangwe ndipo amadwala matenda oiwala. Gulu linayamba kuphwasuka, ena mwa anyamata omwewo nkuthandiza kuwanyamula. Apolisi atakupemphani pa foni kuti muyang'ane dzanja lamanzere, munayankha za chala chija, ndipo mpamene ife tinalira koyamba mokweza. Titafika, bambo anatiyang'ana nkutifunsa ngati tabweretsa nyundo yawo, akuti ntchito yatsala pang'ono.

Kwa anamwino ndi adokotala amene munawalandira, kuwatenthetsa, kuyeza shuga ndi kutsuka zilonda za kumapazi, zikomo. Munatipatsanso malangizo amene tayamba kale kuwatsata. Telala wasokerera kansalu kolembedwa dzina lawo ndi nambala ya foni m'kati mwa jekete ndi malaya onse. Pa geti taikapo belu. Anansi, ogulitsa pa okala ndi akabaza a pa siteji yathu tawauza za matendawa, kuti akawaona ali okha asachite nawo makani, angoyenda nawo nkutiimbira. Kale tikanachita manyazi kunena zimenezi. Abale amene munatumiza ndalama za mafuta kuchokera ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Joni, mchemwali wanga walemba zonse, ndipo zotsala tagwirizana kuti zigulire matochi achitetezo cha m'mudzi a kuno ndi a mudzi uja.

Tili ndi mapempho awiri. Uthenga uja wa chithunzi cha bambo ukuyendabe pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo foni ikuliralirabe. Chonde ufufuteni pamene munauika, ndipo m'magulu amene munautumiza lembanimo kuti apezeka. Kwa ofuna kudzawaona, khomo ndi lotsegula, koma bwerani m'mawa, awiri kapena atatu pa nthawi, chifukwa kukamada mutu wawo umasokonezeka kwambiri ndipo gulu limawaopsa. Musawafunse kuti anapita kuti kapena kuwayesa ngati akukukumbukirani, ingotchulani dzina lanu nkuwapatsa moni. Mapemphero othokoza adzachitikira kunyumba kuno Lamulungu likudzali tikaweruka ku tchalitchi.