Amalume akuti makhadi anga akunama

Tulo sitikubwera. Ndakolezanso mbaula, ndakhala pamkeka, mabokosi a Kachewere, masewera a makhadi amene ndinapanga, ali apo pakona, ounjikana mpaka pawindo. Chichokereni amalume madzulo ano, mawu awo akungozungulira m'mutu mwanga.

Anatsika kuchokera ku Bembeke kudzaonetsa bondo lawo kuchipatala, ndiye pobwerera anapatukira kuno kuti awotheko moto asanakwere minibasi. Kunja kunali chisanu chathu chija cha mwezi wa June, nkhungu itameza phiri lonse la Dedza. Anatipeza ine ndi mng'ono wanga tikulongedza: makhadi 60 m'bokosi lililonse, madayisi awiri, bolodi lopinda pakati, ndi timatumba tamtengo tija amatisemera mnyamata wina wa ziboliboli. Anatola khadi limodzi, kulitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Njuga yako ija ndi imeneyi?"

Mawu oti njuga ndinawazolowera. Amayi a kumpingo ananenapo kale, ndipo mphunzitsi wamkulu wina anabweza mabokosi asanu chifukwa cha madayisi okhawo. Ndinangowayankha kuti pano palibe wobetcha ndalama, asendere pafupi tisewere.

Kachewere amaseweredwa ndi anthu awiri mpaka asanu. Aliyense amapatsidwa munda ndi ndalama zapepala, amagula mbewu ndi feteleza, n'kubzala. Kenaka amatola makhadi a nyengo: mvula yabwino, ng'amba, matalala, chiwawu chowotcha masamba. Akakumba mbatatesi amasankha kokagulitsa, pamsewu pompo, ku Lizulu kapena ku Lilongwe kumene mtengo ndi wabwino koma thiransipoti imadya. Woyamba kukhoma malata panyumba yake ndiye wapambana. Ndinawalingalira zaka ziwiri masewera amenewa, ndikujambula pa makatoni a sopo, ndikuyesa ndi ana a m'mudzi muno mpaka makhadi kuthothoka m'makona.

Amalume ndi katswiri wa bawo, pamsika wa kwawo anyamata amawazemba. Malamulo anawagwira ndisanamalize n'kufotokoza komwe. Anatidya tonse awiri, malata anakhoma ife tikadali ndi ngongole ya feteleza. Koma sanaseke. Anakhala chete, akusisita bondo lija, maso ali pabolodi.

"Zonsezi waganiza wekha?"

"Eya, amalume."

"Ndiye venda ali kuti?"

Ndinati venda mulibe, mtengo unalembedwa kale pakhadi la msika. Anapukusa mutu. Anati chiyambire kulima mbatatesi sanaonepo mtengo wolembedwa. Mtengo umabwera ndi munthu amene watsika mulole, amayang'ana kaye nsapato zako ndi nkhope yako kuti adziwe ngati kunyumba kuli wodwala kapena mwana wabwezedwa kusukulu, ndiye amatchula. Thumba lakenso si lofanana ndi timatumba tangati. Ndi lija losokerera mutu pamwamba, lonyamula anthu atatu, koma ndalama yake n'ya thumba limodzi. Ukakana, mbatatesi si chimanga choti ungaike munkhokwe, imayamba kuphukira ndi kuwola uli chiyang'anire.

Asanapume n'komwe analoza ndalama zapepala zija. "Izinso. Tonse tayamba ndi ndalama zofanana, munda wofanana. Kuti kumeneko? Wina amayamba chaka ndi matumba anayi a feteleza m'nyumba, wina amayamba ndi katapila, munda wake n'kumaulima madzulo atachoka ku ganyu kwa woyamba uja."

Apa mtima unandiwawa, ndipo mwina ndinakweza mawu kuposa mmene ndiyenera kuyankhulira ndi amalume. Ndinati masewera opanda chilungamo palibe angawafune. Ndinawakumbutsa bawo wawo yemweyo: mabowo 32, njere 64, aliyense zake 32, palibe woyamba ndi zochuluka. Anandilola ndimalize, kenaka anati, "Bawo sananenepo kuti ndi ulimi. Bawo ndi bawo. Iwe mwana wa mlongo wanga walemba pabokosi apa kuti moyo wa mlimi."

Ndinalembadi. Mawuwo ali pansi pa dzina, m'zilembo zofiira, pa mabokosi onse 200.

Nambala imeneyo ndi imene ikundisowetsa mtendere. Mabokosi 200 sanabwere mwamasewera. Ndalama yake ndinakongola ku banki m'khonde, ndipo Lachisanu lililonse ndimakhala pabwalo paja kubweza, anzanga akundiyang'ana ngati akufunsa kuti makatoni aja akuyenda kodi. Ndinkafuna kusindikiza kumapeto kwa 2023, kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti mu November, mtengo wa pepala lolimba n'kusintha ndisanafike n'ku Lilongwe komwe. Ndinadikira miyezi. Atasindikiza, makhadi oyamba anadulidwa mokhota, ena mawu kudukira m'mphepete, ndinayenda maulendo atatu pa M1 kukachonderera kuti abwereze. Anzathu akunja amaika masewera awo pa tsamba la pa intaneti la Kickstarter, anthu n'kulipiriratu asanasindikize, koma munthu wokhala m'Malawi sangatsegulepo ntchito yake. Amakumananso ku Essen m'dziko la Germany mwezi wa October chaka chilichonse, kuonetsana zatsopano. Ine Essen wanga ndi khonde lino ndi WhatsApp, wogula akatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ndimakapereka bokosi kwa kondakitala n'kumapemphera kuti lisanyowe.

Ndagulitsa 63. Madzulo ano ndinatenga kope lija ndimalembamo, kuyang'ana ogula mmodzimmodzi. Aphunzitsi, anthu a m'maofesi ku Lilongwe ofuna kuchotsa ana pa foni, malo ogona alendo awiri, azungu angapo amene anali pa ulendo wokaona zojambula za m'mapanga ku Chongoni. Wolima mbatatesi palibe ndi mmodzi yemwe. Sindinazindikire zimenezi mpaka lero. Pamene ndimayesa masewerawa ndimayesa ndi ana, ndipo ana amafuna aliyense ayambe mofanana, apo ayi kulira. Akuluakulu amene amagona m'dimba kulondera mbatatesi sindinawaitane ndi tsiku limodzi lomwe. Chifukwa chake ndikuchidziwa: ndinkachita manyazi kuika makhadi patsogolo pa anthu otopa.

Chinanso chikundibaya n'choti amayi anga anandiphunzitsa ndi ndalama ya mbatatesi yomweyo. Ndikukumbuka tsiku lina ndili Sitandade 7, anabwera kuchokera kumsewu atamanga ndalama pansonga ya chitenje, anakhala pakhonde osavula n'mpango womwe, osayankhula mpaka kunada. Ndinkadziwa kuti wina wawadyera. Venda ndimamudziwa bwino. Ndinangomusiya kunja kwa bokosi chifukwa ndinkafuna kuti m'bokosimo mukhale malo amodzi amene wolimbikira amakhomadi malata.

Kaya ndi bodza limenelo, kaya n'chifundo.

Pali mayi wina wa ku America, Lizzie Magie, amene mu 1904 analembetsa masewera otchedwa The Landlord's Game. Cholinga chake chinali kuonetsa mmene eni malo amalemerera pamene obwereka akusaukirasaukira. Masewera amenewo ndi amene anadzasanduka Monopoly, yomwe kampani ya Parker Brothers inayamba kugulitsa mu 1935, ndipo lero anthu amaisewera mokondwera kulanda anzawo nyumba, phunziro lija linatsala m'njira. Nkhani yake ndimaidziwa kalekale, koma usiku uno ikundiopsa mwatsopano. Ndikaika venda m'masewera anga, ana onse adzalimbirana kukhala venda. Adzaphunzira kusokerera thumba, kudikira mnzawo apanikizike, n'kumaseka. Nanga adzukulu a amalume, masana aone agogo awo akuberedwa pamsewu, usiku abwerezenso zomwezo pamkeka?

Komabe njira ilipo, ndipo si yodula. Kapepala kamodzi ka fotokope, malamulo achiwiri, kolowetsa m'mabokosi otsalawa. Mmodzi akhale venda, minda isiyane kukula potengera dayisi, ndipo alimi akagwirizana kugulitsa pamodzi ngati kalabu, mtengo azitchula okha. Mbali yomalizayi mng'ono wanga waikonda, akuti mpamene pali masewera enieni, chifukwa nthawi zonse padzapezeka mmodzi wogulitsa mobisa usiku. Ine sindinamuyankhe. Kuti ndiyese bwino zimenezi pafunika miyezi, ndipo Lachisanu likubwera ndi mkuja.

Ponyamuka amalume anatenga bokosi limodzi, akuti la adzukulu. Ndinati atenge ulere, anakana. Akuti sabata yamawa atumiza ndowa ya mbatatesi pa kabaza, yoyeza ndi ndowa yawo ya kunyumba. Ndinawaperekeza mpaka pa siteji, akutsimphina, ndipo njira yonse sitinabwerezenso nkhaniyi. Minibasi itaima anangoti ndikabwere ku Bembeke nthawi yokumba, ndikabweretse makhadi angawo, akaitana anzawo a pabawo.

Ndadula katoni kakang'ono, kofanana ndi makhadi enawo. Pamwamba ndalemba kuti Venda. Pansi pake sindinalembe kanthu, makala akuzima ndipo zala zauma ndi chisanu. Mwina mawa ndikamaliza kulongedza mabokosi asanu a ku Ntcheu aja.