Matayala a Mark X ya alamu

Komiti ya ukwati wa mng'ono wa mayi a kunyumba inandisankha kukhala wapampando wa zamayendedwe pachifukwa chimodzi chokha: ndili ndi laisensi. Galimoto yoyenda ndilibe. Vitz yanga inakwera pa njerwa kuseri kwa nyumba ku Area 25 kalekale, ndipo nkhuku za aneba zinachita kugawana mipando.

Yonyamula mkwatibwi inali Mark X yoyera ya alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Iwo anali ku Johannesburg kokaoda katundu, kubwera kwake Loweruka m'mawa, tsiku lenileni la ukwati. Makiyi anandisiyira pamodzi ndi ulaliki. "Alamu, galimoto iyi ndinakaitenga ndekha ku Dar es Salaam, ndinalowa nayo pa Songwe ndi manja angawa. Musapitirire 60. Musadyeremo chimanga chootcha."

Lachinayi masana, dzuwa la Okutobala lili pamutu, ndinapita ku Kanengo kukatenga makreti a zakumwa. Pobwerera ndinamva matayala akulira kuseri kwa nyumba ina yosungiramo katundu. Kuli bwalo lalikulu la phula kumeneko, ndipo anyamata anali atandanda makoni ndi matayala akutha, kupanga kanjira kokhotakhota. Wina anali ndi foni kuwerenga masekondi. Ndinaima kuti ndingoonerera basi.

Mmodzi anabwera, nazungulira galimoto, naimba kaluzu. "Bigi, iyi ndi V6, imakankha ndi mawilo akumbuyo. Inu mukuinyamulitsa Fanta?"

Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Munthu wa ana akusekondale, msungichuma wa kwaya ya abambo, ndinapezeka ndikutsitsa makreti ndekha. Zotsatira zake sindizikumbuka bwino. Ndikukumbuka phokoso la matayala, fungo la mphira wopserera, anyamata akukuwa atakweza mafoni m'mwamba, wina atagwa pansi atagwira pamimba. Ndinati ndi chimwemwe. M'mutu mwanga ndinali Lewis Hamilton wa ku Area 25.

Kutacha Lachisanu ndinatuluka ndi ndowa kuti nditsuke galimoto. Ndowa inatsala pang'ono kugwa. Matayala onse anayi anali atamera timibulu takuda, tina tozungulira, tina tosongoka, tina titamatirira timiyala. Pamene panali posalala panali zikang'a zokhazokha. Ndinakhudza kamodzi, kanachoka kofewa. Mtima unati psu. Ndasungunula matayala a alamu, ndipo mawa akutsika ndege.

Nkhani ya pakhomo siichedwa kupeza oweruza. Aneba, bambo wopuma pantchito amene amadziwa chilichonse, anawerama, nanunkhiza tayala, nati nkhaniyi si ya galaja. "Ukwati uli ndi adani, achimwene. Wina waponda pamenepa usiku." Mnyamata wa kabaza amene amaima pakona yathu anati matayalawo aphulika ndisanafike pa Area 18. Mlonda wa sitolo anati anaonapo zoterezi pa thirakita ndipo mwini wake anamwalira, ngakhale atafunsidwa bwino anavomera kuti anafa ndi shuga.

Ine nzeru inandibwerera ina. Ndinalowa kukhitchini mwakachetechete, ndinatenga mpeni umene mayi a kunyumba amaduladulira nyama, ndinakhala pa kampando n'kuyamba kupala. Tayala lakumbuyo kumanzere ndinalipala bwino kwambiri, kenako ndinalipaka polishi ya nsapato za ana mpaka linawala kuposa tsiku limene linatuluka ku fakitale. Ena atatuwo anandikanika, mpeni unabuntha, dzanja linatupa. Mayi a kunyumba anatuluka, anayang'ana mpeni, anayang'ana ine.

"Abambo a ana, mukusenda galimoto?"

Ndinati ndikuchotsa phula la mumsewu. Sanayankhe. Anangotenga mpeni wawo, nauyang'ana kumaso kwake, nabwerera m'nyumba. Kusayankha kwawo ndikukudziwa, kumakhala ndi chiwongola dzanja.

Ndinayendetsa pang'onopang'ono mpaka ku Biwi, mahazadi akuphethira, maminibasi akundiimbira hutala njira yonse. Kumeneko kuli mdala wina wa matayala, wa ovololo yong'ambika pabondo, wosakonda kulankhula. Ndinamuuza zonse, kuphatikizapo za liwiro langa loopsa, chifukwa kwa sing'anga subisa matenda.

Anagwada pa tayala lakutsogolo, nachotsa kambulu kamodzi ndi chikhadabo, nakaika m'dzanja langa. "Bwana, izi si zanu. Mwatola." Anati pabwalo pamene anyamata amazunguza galimoto pamatsala nyenyeswa za mphira wa matayala awo. Tayala likafunda, phula nalo litatentha, limamata zinyenyeswazo pamodzi ndi mchenga. Zimaoneka zoopsa koma zili pamwamba chabe, ukayenda pamsewu makilomita ochepa zimapukutika zokha. "Mukanangopita ku Lumbadzi n'kubwerera, bwenzi zitatha."

Ndinafunsa ngati sindinawaotche mkati. Anayendetsa chikhatho m'mphepete mwa tayala, uku ndi uku, osafulumira. Anati tayala limene lazunzidwadi pa mpikisano limadziulula. Phewa lakunja limadyeka kuposa pakati chifukwa cha makona, mano ake amapendekera mbali imodzi moti dzanja limakodwa ukasisita mobwerera, ndipo nthawi zina m'mphepete mumaoneka mtundu wobiriwira ngati buluu, mafuta a mu mphira atatuluka ndi kutentha. Zimenezo zokha sizipha munthu, zimangofupikitsa moyo wa tayala. Zoopsa ndi pamene zidutswa za mano zathothoka, kapena mawaya ndi ulusi zayamba kuonekera, kapena pang'ambika mozama m'mbali. Anandionetsa timizere topingasa tobisala m'ngalande za tayala. Mano akadyeka mpaka kulingana ndi timeneti, ndiye kuti atsala mamilimita 1.6, tayala latha, mvula ikagwa galimoto imangoyandama.

Kenako anandiyang'ana. "Mwati munali pa mpikisano?"

"Eya, madala. Woopsa."

"Matayalawa akukana."

Ndinaganiza kuti ndi nthabwala za anthu a ku Biwi. Iye anapitiriza kusisita mpaka chala chake chinaima pa timabala tatsopano. "Nanga apa panadutsa chiyani?" Ndinayang'ana kumwamba. Anatsegula kabala kamodzi ndi chala, naona kuti sikanafike pa ulusi, napukusa mutu. "Bwana, chinthu choopsa chimene matayala atatuwa akumana nacho sabata ino ndi mpeni."

Anyamata ake anaseka mpaka wina anagwetsa sipanala. Ine ndinasekera limodzi, mtima utatsika, dzanja lili kale m'thumba kufuna ya sopo yoti ndimusiyire. Ndinamulozera lachinayi lija, lowala ndi polishi. "Ili ndiye lili bwino, musavutike nalo."

Mdalayo sanandimvere. Anaitanitsa jeke. Gudumu litakwera analowetsa mkono kuseri, kumbali yoyang'ana pansi pa galimoto kumene maso safika, nalizunguza pang'onopang'ono. Dzanja linaima. "Bwerani mugwire."

Ndinagona pansi ndi malaya anga oyera. Kuseriko kunali chotupa ngati dzira la bakha.

Apa ndiye mdala wosalankhula uja analankhula. Mbali ya tayala, anatero, imalimba ndi ulusi wolukidwa mkati mwa mphira. Ukagunda dzenje kapena mwala wa m'mphepete mwa msewu, tayala limapanikizika pa limu, ulusi umaduka, mpweya n'kukankha mphira wotsalawo kunja. Palibe chigamba chimene chimalumikiza ulusi woduka. Limatha kuyenda miyezi, limathanso kuphulika lero, makamaka pa liwiro, kukutentha, galimoto italemera. Ine ndinaona m'maganizo mkwatibwi ndi velo yake, anamkungwi awiri onenepa bwino, tili pa M1 kulowera ku phwando ku Lumbadzi.

Atalichotsa anapukuta polishi yanga ndi chiguduli kuti awerenge zolembedwa. Anandionetsa manambala anayi m'kabokosi kozungulira: 1914. Ndinati tayala la nthawi ya Chilembwe? Ayi, anatero, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, ndiye kuti sabata ya 19 ya 2014, ndipo opanga matayala ambiri amati likakwana zaka 10 lichoke ngakhale mano alipo. Linali la kaunjika, komanso lopangidwira chipale chofewa cha ku Japan, la mphira wofewa umene sugwirizana ndi phula lathu la Okutobala. Atatu enawo anali a mtundu wina.

"Analitembenuza ndani tayala ili?" anafunsa.

"Ndine, madala. Pakona yomaliza ija."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, natsegula pakamwa, natsekanso. Anangouza mnyamata kuti akafune tayala la saizi 215/60R16 lofanana ndi lakumanja, chifukwa mawilo awiri akumbuyo sayenera kusiyana mano. Mpweya anati tidikire matayala azizire kaye, popeza otentha amanama pa geji, ndipo anapopa motsatira kapepala komata pa chitseko cha dalaivala, osati motsatira kumenya ndi chibakera monga timachitira enafe. Ndalama imene ndinasunga ya pelekanipelekani inatsala ku Biwi yonse, pamodzi ndi ya nsapato zatsopano.

Ukwati unayenda bwino. Pa pelekanipelekani ndinavina kwambiri kuposa aliyense, kubisa kuti m'manja munali ma K50 okhaokha amene ndimaponya limodzilimodzi motalikitsa. Nyimbo itasintha, alamu anandikokera kunja, kumene kunali galimoto.

"Alamu, mundikhululukire, ndinaiwala kukuuzani. Tayala lakumbuyo kumanzere lili ndi chotupa. Ndinagunda dzenje cha ku Dedza mwezi watha, ndiye ndinauza mnyamata alitembenuze kuti chotupacho chikhale mkati, chisamaoneke." Anawerama, nasisita latsopano lija. "Koma ndaona mwandigulira lina. Mulungu akudalitseni, ndinu mlamu weniweni."

Ndinameza malovu. Ndisanapeze choyankha anatulutsa foni. "Komanso iyi yandipeza ndili pa bwalo la ndege ku Joni. Ili m'magulu onse a WhatsApp."

Inali Mark X yoyera, nambala yake ikuwerengeka bwinobwino, ikuyenda pakati pa makoni mwaulemu wonse. Phokoso la matayala linkachokera ku galimoto ina kumbali. Pakona iliyonse ndinkayatsa indiketa. Chakumapeto mnyamata wina wogulitsa mandasi akuoneka akundipitirira wapansi, beseni lili pamutu.

"Sindinakwiye," anatero alamu akupukuta misozi. "Ndinati musapitirire 60, ndipo mwamvera. Koma achemwali anga akuti muwagulire mpeni."