Zikomo nonse amene munatigwira mkono mayi a mwana atatha magazi

Lachiwiri lapitali tinali kusikelo ya ana. Kamtsikana kathu kakwanitsa miyezi 6 ndipo kayamba kulawa phala. Mayi ake nawo anawabaya chala kuti aone kuchuluka kwa magazi, namwino n'kulemba m'buku lawo 12.1. Usiku uno ndalitsegula bukulo kangapo, chifukwa masamba atatu kumbuyo kwake, pa tsiku lina la mu Januwale, palembedwa 5.8. Ndiye ndati ndisagone ndisanathokoze. Ine ntchito yanga ndi kabaza, kulemba sindinakuzolowere, mundipirire ndikatalikitsa.

Mukukumbukira mmene 2024 inatichitira. Ng'amba ya El Niño inawamba chimanga chitangomasula, mpaka mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Ife tinakolola matumba awiri okha, ndipo mayi a kwathu anaima mu Meyi, wachiwiri wathu asanakwanitse n'komwe zaka ziwiri. Pofika Novembala tinkadya kamodzi patsiku. M'mawa tiyi wopanda chotafunira, madzulo nsima ya therere kapena masamba owiritsa ndi mchere basi. Mtedza wochepa umene tinapeza ndinagulitsa kuti ndigule matayala a njinga, mazira a nkhuku zathu zitatu ndinkapita nawo pamsika.

Pali china chimene ndiyenera kuvomera pamaso panu, poti ena mwa inu mwakhala mukundiyamikira kuti ndine bambo wosamala. Tsiku limene ndabwera ndi kamulu ka usipa, mbale yoyamba inkabwera kwa ine, yachiwiri kwa ana, iwo n'kumatsuka m'poto ndi mbamu ya nsima. Sindinawalamule kutero, koma sindinawaletsenso. Ndinkati ndine wopalasa, ndifunika mphamvu. Amene amalima, kutunga madzi, kubereka mwana kumsana wina ali m'mimba, ndiwo ankadya msuzi.

Zizindikiro zinalipo, ife tinkangozipatsa mayina ena. Akachita wefuwefu pochokera kumjigo tinkati mimba yakula. Akamva chizungulire tinkati ndi dzuwa. Atayamba kudya dothi la pachulu tinkaseka kuti mwanayu adzakhala mlimi. Kusikelo anayamba mimba ili ndi miyezi isanu, paja kwathu kuno mimba yaing'ono sailengeza. Mapiritsi oonjezera magazi anapatsidwa ndithu, koma anamwa sabata imodzi n'kusiya: ankawachititsa nseru, chimbudzi chinada, ndipo kumjigo anamva kuti amakulitsa mwana mpaka munthu kukachira ndi mpeni. Ndinawapeza mapiritsiwo atatsomekedwa padenga, m'kapepala kawo, ife tili kale kuchipatala.

Woyamba kumuthokoza ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu. Amayi inu, munakumana nawo panjira, simunangopereka moni n'kudutsa. Munawaimitsa, munatsitsa chikope, munatembenuza zikhatho, ndipo madzulo omwewo munafika pakhomo kudzandiuza maso ndi maso kuti "bambo, akazi anu ayera, mawa m'mawa apite." Ine ndinayankha kuti tipita Lolemba ndikapeza ya mayendedwe. Lolemba silinafike. Loweruka usiku anagwa pakhomo la bafa, thupi lili moto, mtima ukugunda ngati ng'oma. Munandichenjeza, ndinazengereza ndine. Ndagwira mwendo wanu.

Achimwene a njinga yamoto oyandikana nafe, ndinagogoda chitseko chanu cha m'ma 11 usiku mvula ikugwa. Simunafunse za mafuta. Tinawaika pakati, ine kumbuyo nditawagwira, matope mpaka m'mawondo pamadambo aja. Mpaka lero ndikati ndikupatseni kangachepe mumandithamangitsa.

Pachipatala chathu chaching'ono tinapeza namwino mmodzi yekha, amayi awiri ali pa matenda. Anawayeza ndi tochi ya pafoni ili kukamwa, anapeza malungo, anapeza 5.8 ija, n'kuimba foni kuitana ambulansi osataya nthawi. Dzina lanu sindinalifunse, mutu unali utaima. Ngati uthengawu ukupezani, dziwani kuti mayi uja amene munamufunditsa chitenje chanu ali moyo ndipo akuyamwitsa.

Kuchipatala chachikulu ndi kumene ndinaphunzira zimene ndinayenera kudziwa kalekale. Dokotala wina wachinyamata anandikhazika pabenchi m'bandakucha n'kundifotokozera ngati mwana wa sukulu, osandinyoza. Anati mayi woyembekezera akatsika pansi pa 11 ndiye kuti magazi achepa, akatsika pansi pa 7 ndi ngozi. Mayi akaima, magazi m'thupi amayenera kuchuluka kuti akwanire anthu awiri, ndipo chopangira magaziwo, ayironi, chimachokera m'mbale. Mwana ali m'mimba sapempha, amangotenga gawo lake ndi kusungirako la miyezi yoyamba akabadwa, kaya mayi wadya kaya sanadye. Pamwamba pake malungo amaswa magazi, njoka za m'mimba zimayamwa, ndipo mimba zotsatizana pafupipafupi sizipatsa thupi mpata wobwezera. Ife zinatikumana pamodzi. Chimene chinandizizira kwambiri n'chakuti pochira mayi aliyense amataya magazi. Amene ali nawo okwanira amapirira, koma amene afika ali 5.8 alibe oti n'kutaya. Ndinamvanso kuti pa kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016, mwa amayi oyembekezera 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 45 anapezeka ndi magazi ochepa. Ndinayang'ana mu wodi muja, mabedi odzaza mpaka ena pansi, ndinaona kuti si nkhani ya nyumba yanga yokha.

Tsopano za magazi. Anafunika mabotolo awiri, ndipo inali nthawi yoipa. Magazi ambiri amene a Malawi Blood Transfusion Service amatolera amachokera kwa ana a sukulu, ndiye tchuthi cha Khirisimasi chikangodutsa nkhokwe zimakhala zitaphwa, pomwe ndi nyengo imene malungo amagwetsa ana ndi amayi. Botolo loyamba linapezeka m'firiji usiku womwewo. Mwini wake sindimudziwa. Mwina ndi mtsikana wa Fomu 3 amene anapereka mkono wake anzake akumuseka, n'kulandira botolo la zakumwa ndi bisiketi, n'kubwerera m'kalasi kukalemba masamu. Sadziwa kuti kuno kuli ana atatu amene akuitana amayi chifukwa cha iye. Ndakhala ndikuganiza za munthu ameneyu kuposa wina aliyense. Ndikamanyamula ana a yunifolomu m'mawa ndimawayang'ana mwina.

Pofuna botolo lachiwiri ndinatumiza uthenga pa gulu lathu la WhatsApp la pasiteji. Anabwera anyamata asanu ndi mmodzi, kusiya ndalama ya tsikulo. Panjira nkhani inali yoti munthu akapereka magazi mphamvu za kunyumba zimatha, wina ankaopa kuti akamuuza zimene safuna kumva, popeza magazi amawayeza HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi asanaike mwa munthu. Mmodzi, sindimutchula koma akudzidziwa, anaona singano n'kukumbuka kuti sanakhome njinga, mpaka pano akukhomabe. Awiri anabwezedwa chifukwa nawonso magazi awo anali ochepa, zomwe zinatidabwitsa tonse, amuna amphamvu opalasa matumba a makala. Atatu anapereka. Akutenga osafika theka la lita, ndipo onse atatu mawa lake anali pamsewu. Za mphamvu za kunyumba zija, mmodzi mwa iwo akazi ake ndi oyembekezera pano, ndiye nkhaniyo inatha yokha. Anyamata, kupatsa n'kuika, tsiku lanu likadzafika mudzandipeza.

Atatuluka mu wodi sanatilole kubwerera kumudzi, anati akhale kuchidikiro mpaka achire. Apa ndi pamene ndinaona kuti mpingo si Lamulungu lokha. Amayi a Mvano munagawana masiku, wina kubwera ndi nyemba, wina nkhwani wotendera, wina matemba, wina kachiwindi kambuzi kokulunga m'pepala. Inali Febuluwale, mwezi umene aliyense amabisa ufa wake, ndikudziwa kuti zina mwa izo munachotsa pakamwa pa ana anu. Amayi a banki mkhonde munatsegula thumba la zadzidzidzi, ndipo ngongole ina ija munandipatsa mpaka nditakolola. Ndamaliza kubweza mwezi wathawu, mlembi angandichitire umboni. Mlamu wanga wa ku Johannesburg, zimene munatumiza zinafika tsiku limene ndinalibe ngakhale ya sopo.

Kuchidikiro kunali namwino wina wachikulire wokonda kukalipa, amene ndimamuthokoza mwapadera chifukwa anandikalipira ine. Anandiona ndikubwera ndi fulasiki ya tiyi pamodzi ndi nsima, anati "mwabweretsa wakuba." Tiyi akamwedwa pamodzi ndi chakudya amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, pomwe bwemba, malambe, gwafa kapena kufinyira ndimu m'ndiwo zimathandiza kuti alowe. Anatiwerengera magulu 6 a zakudya ndi zala, n'kunena kuti sakutituma kusitolo: bonongwe, chisoso ndi kholowa zimamera zokha kuseri kwa nyumba, khobwe ndi nandolo timalima, ngumbi ndi mbewa tili nazo, usipa udyedwe ndi mitu yomwe, ndipo mgaiwa umaposa ufa woyera umene timaukonola ndi kuuviika mpaka kutsala choyera chokhachokha. Anatinso masamba okha sangakweze munthu amene watsika chotere, mapiritsi ndi ofunika tsiku lililonse, ngakhale atachira apitirize miyezi itatu. Chimbudzi chakuda chija si matenda, ndi mmene mankhwalawo amachitira, ndipo nseru imachepa ukamwa utadya kapena pogona. Zoti amakulitsa mwana anangoseka. Fansidar woteteza ku malungo amene amapereka kusikelo, mankhwala a njoka ndi neti, zonse zinali mbali ya nkhondo yomweyi, ife neti yathu tinali titatchingira nayo anapiye.

Apongozi anga, mayi anga, ndikuthokozeni pagulu. Munagona pasimenti milungu isanu, mukuphika pa mafuwa a kuchidikiro ndi nkhuni zogula. Tinasemphana mawu pa nkhani ya mazira, inu mukuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi, ndiponso pa madzi a masamba a mapeyala amene munkawiritsa kuti ndi oonjezera magazi poti ndi ofiira. Ndinayankhula mokweza tsiku lija, sizinayenere, mundikhululukire. Munachita zimene amayi anu anakuphunzitsani, ndipo munazichita chifukwa cha chikondi. Koma ndinakuonani m'mawa wina mukusenda dzira lowiritsa ndi manja anu n'kumupatsa mwana wanu, osanena kanthu. Mdzukulu wanu anabadwa ndi tsitsi loti n'kuluka, ndipo ndinu amene munayamba kuseka.

Anachira bwinobwino pakati pa Febuluwale, magazi atakwera kufika pa 9. Mwana anabadwa wochepa, makilogalamu 2.3, ndiye tinakhalako masiku angapo ku kangaru, kumene ana obadwa ochepa amawafunditsa pachifuwa. Nanenso ndinavula malaya n'kumuika pachifuwa, azibambo anzanga musaseke, kamafunda bwino.

Mayi a ana anga, inu simukonda za pa Facebook, ndipo mwandiuza kuti ndisaike chithunzi chanu. Ndamvera. Koma ndinene kuti miyezi yonse ija munkati "ndadya kale" ndinkadziwa kuti simunadye, ndipo ndinkasankha kukhulupirira. Pano pakhomo pathu timadyera pamodzi, ndiwo ndimagawa ndine, ndipo dzira loyamba la tsiku silipita kumsika. Tinakambirananso ndi anamwino za kulera, thupi lanu lipume.

Mwezi wamawa ndikukapereka magazi kachiwiri. Koyamba ndinapereka mu Juni, ndinapita ndekha, palibe m'bale amene anali kudwala. Amene akufuna tipitire limodzi andipeze pasiteji, ndimunyamula ulere, ngakhale uja wokhoma njinga.

Chotsalira ndi ichi: tili ndi kontena yobiriwira ya chivindikiro chosweka pakona, inabwera kuchidikiro ndi nyemba zothira tomato tsiku limene ine kunalibe. Apongozi akuti anabweretsa ndi mayi wamfupi wovala chitenje cha mpingo, sanatchule dzina, anangoti "mupatseni wodwalayo" n'kubwerera. Tafunsa ku Mvano, onse akukana. Mwini wake atiuze, tikufuna kubweza, ndipo sibwera yopanda kanthu, mtedza chaka chino wachita bwino.